Tayesani ndi Makandulo Atatu

Bambo anga atapuma pantchito, nyumba yathu ndi imene inasiya kupuma. Anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi zitatu pasukulu imodzi ya sekondale, m'chipinda chimodzimodzi chokhala ndi masinki anayi, awiri okha otuluka madzi. Lachisanu anzawo anawapatsa wotchi ya pakhoma n'kuwaombera m'manja. Lolemba anadzuka nthawi yawo yomwe ija, anamanga tayi, n'kuima pakati pa balaza manja ali m'chiuno, kusowa kolowera.

Sabata yoyamba anamasula wailesi imene inalibe vuto lililonse. Sabata yachiwiri anasintha malo a mipando katatu. Yachitatu anayamba kulondola amayi kukhitchini, kukawafotokozera chifukwa chimene madzi amawirira msanga ketulo ikavindikiridwa.

Amayi anandiimbira foni ndili kuntchito.

"Chisamba, bwera udzatenge bambo ako," anatero. Kwathu onse amanditchula choncho chifukwa ndine woyamba kubadwa. "Madzi ndinayamba kuwiritsa iwo asanandidziwe n'komwe. Lero akuti ndimaphonya."

"Ndiwatengere kuti, amayi?"

"Kulikonse kumene kuli bolodi."

Ine ntchito yanga ndi yojambula makanema. Ndili ndi kachipinda pamwamba pa shopu ya matayala, momwe muli kompyuta, makamera awiri, nyale zitatu ndi fani yolira ngati ikudandaula. Kwambiri ndimajambula maukwati. Ndimatha masiku ndikudula ndi kulumikiza zithunzi za anthu akuvina, kuchotsa amalume amene anadutsa kutsogolo kwa kamera, kubisa mlamu amene anayasamula pa nthawi ya malumbiro. Ndinali nditatopa nazo. Pa nkhomaliro ndinkaonera makanema a pa intaneti ofotokoza mmene ndege imaulukira, mmene ojambula zithunzi amasakanizira utoto, mmene opanga mafilimu amaikira nyale kuti nkhope ioneke yachisoni. Ndikamaonera, zala zinkandiyabwa. Ndinkafuna kupanga chinthu chimene munthu wosandidziwa angaonere mpaka kumapeto, osati chifukwa muli mwana wa mchemwali wake.

Ndiye ndinagula bolodi yaing'ono ndi choko, n'kukawauza bambo maganizo anga.

"Ndiphunzitse galasi la kamera?" anafunsa. "Nanga ndikafunsa funso, ayankhe ndani?"

"Adzayankha polemba, bambo. Pansi pa kanema pamakhala malo a ndemanga."

"Zamasewera," anatero.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pamasitepe a kachipinda kanga, katoni ili pamiyendo. Munali maginito, mabatire, mawaya, timababu ndi rula yawo yachitsulo. Anandifunsa ngati ndimafika mochedwa chonchi masiku onse.

Makanema oyamba sanayende. Bambo sankayang'ana kamera, maso awo ankangosakasaka kumbuyo kwa chipinda ngati kuli benchi ya ana aphokoso. Ndinachita kujambula papepala nkhope ya mwana akusinza n'kuimata pamwamba pa kamera. Kuyambira pamenepo ankaiyang'ana molunjika, nthawi zina mokwiya. Tinapanga wa maginito, wa mthunzi, wa batire ndi babu. Oonera ankafika makumi anayi, akachuluka makumi asanu ndi limodzi, ndipo theka anali azakhali ndi ana awo.

Kanema wachisanu ndi chiwiri anali wa kandulo. Bambo anati phunziro limeneli ankalikonda kuposa onse, moti ankalisungira tsiku limene kalasi yafooka. Anaimika kandulo pakati pa mbale yosaya, anathira madzi m'mbalemo, n'kudonthezamo inki kuti madziwo azioneka bwino. Anayatsa kandulo ija, kenaka anaivindikira ndi tambula yagalasi. Lawi linachepa pang'onopang'ono mpaka kuzima, ndipo madzi abuluu aja anakwera okha m'tambulamo ngati wina akuwayamwa.

"Moto wadya okosijeni yense amene anali m'tambulamu," anatero bambo, akuloza ndi rula. "Malo amene okosijeni wasiya, madzi alowamo. Taonani pamene aima. Ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kumeneko ndiye kuchuluka kwa okosijeni mumpweya umene tikupumawu. Mwamuona ndi maso anu, ngakhale saoneka."

Ndinaika nyale imodzi kumbuyo kwa tambula kuti madziwo awale, ndinadula bwinobwino, n'kuika pa intaneti Lachiwiri. Pofika Loweruka, oonera anali atapitirira zikwi makumi asanu. Sindikudziwa amene anayamba kumugawa. Ana asukulu akale a bambo anatulukira mbali zonse, ena madokotala, ena oyendetsa malole, aliyense kulemba chaka chimene anali m'kalasi mwawo. Bambo ankawerenga ndemanga iliyonse mokweza, magalasi ali pamphuno, akukonza masipelo. Sanakhazikike ayi. Ankangoti akhala pansi, adzuka, afunsa kuti tsopano afika angati. Inenso chimodzimodzi. Foni ndinkaiyang'ana ngakhale ndili pakati pojambula mkwatibwi.

Ndemanga imene inasokoneza zonse inabwera patatha masabata awiri. Wolembayo analibe chithunzi, ndipo pa dzina anangolemba kuti Wongodutsa. Anati: "Zikomo aphunzitsi. Koma tayesani ndi makandulo atatu m'tambula yomweyo. Ngati nkhani ndi okosijeni, madzi akuyenera kuima pamalo omwewo."

Ndinaiona ndisanafike kuntchito, ndipo ndinaganiza zoibisa. Koma bambo anali ataiwerenga kale pafoni ya amayi.

"Anthu a pa intaneti ndi choncho, bambo," ndinawauza. "Aliyense amafuna aoneke wodziwa. Musawalabadire."

"Munthuyu sananditukwane," anayankha. "Wandipatsa homuweki."

Loweruka m'mawa amayi anaimbanso. Ulendo uno sananene nthabwala. Anangoti ndifulumire.

Ndinapeza tebulo la kukhitchini litadzaza. Matambula onse a m'nyumba anali pamenepo, ngakhale aja a alendo, onse atada ndi mwaye mkati. Phula linali litadontha paliponse, timitengo ta machesi tili mbwee pansi. Bambo anali chiimire, malaya atapinda, kope lili pambali. Sanandilonjere.

"Taima apa uone," anatero.

Anayatsa kandulo imodzi, navindikira. Madzi anakwera pang'ono, iwo n'kuika chizindikiro pagalasi. Kenaka anaimika makandulo atatu pamodzi, anayatsa, navindikira ndi tambula yomwe ija. Malawi anazima mofulumira, ndipo madzi anadumpha, kupitirira chizindikiro chija kutali, kutsala pang'ono kufika pakati pa tambula.

"Kakhumi ndi kamodzi tsopano," anatero bambo. "Ndasintha matambula, ndasintha mbale, ndasintha madzi. Okosijeni m'tambulamu ndi yemweyo, kaya kandulo ndi imodzi kaya ndi atatu. Nanga madzi enawa akukwera kukatani?"

Amayi anali atatsamira pachitseko, manja atapinda.

"Amati safunsa anadya phula," anatero. "Inu simunadye, mwangolimwaza patebulo panga."

Bambo sanaseke. Anapukuta manja pathalauza, zimene sindinawaonepo akuchita, n'kundiyang'ana.

"Kanema uja, usanamudule, uli naye?"

Tinapita kukachipinda kanga tsiku lomwelo. M'njira monse ankayenda patsogolo panga, akuima pamphambano kundidikira ngati ndine ndakalamba. Nditatsegula kompyuta, ndinawaonetsa zimene kamera inajambula zonse, zosadula. Pamene tambula inkatera m'madzi, m'mphepete mwake munatuluka timathovu, bwibwibwi, kwa kanthawi kochepa.

"Imitsa," anatero. "Zimenezi m'kanema wa pa intaneti mulibe."

"Ndinazidula. Ndi masekondi awiri okha. Zinkaoneka ngati dzanja lanu lagwedezeka, ndiye ndimafuna chithunzi chikhale choyera."

Anayang'anitsitsa timathovu tija titaima pagalasi la kompyuta. Ndinkadikira kuti andikalipire.

"Iwe wadula masekondi awiri kamodzi," anatero potsiriza. "Ine ndakhala ndikuwadula ndi maso anga zaka makumi atatu ndi zitatu. Kunali mtsikana wina, ankakhala kutsogolo chakuzenera. Anakweza dzanja n'kufunsa kuti, 'Aphunzitsi, nanga timathovuto?' Ndinamuuza kuti tambula yapendekeka, akhale pansi."

Anandipempha kuti ndiyendetse kanemayo pang'onopang'ono, monga ndimachitira akwati akamapsompsonana. Tinaonera kanayi. Zinali poyera. Nthawi yonse imene lawi linkayaka, madzi ankangosuntha pang'ono chabe. Lawi litangozima m'pamene anathamangira m'mwamba.

"Akanakhala okosijeni, madzi akanakwera moto ukuyaka, pamene ukudya," bambo ankadziyankhulira okha, chala chili pagalasi. "Koma akudikira moto ufe. Ndi kutentha. Lawi likutenthetsa mpweya, mpweya ukufufuma, wina ukuthawira pansi, ndiwo timathovuti. Moto ukazima, wotsalawo ukuzizira n'kunyala, madzi n'kulowa. Makandulo atatu atenthetsa kwambiri, athamangitsa mpweya wambiri." Anavula magalasi. "Ndipo zoti gawo limodzi mwa asanu zija, zinkangochitika chifukwa cha tambula yanga ija ndi kandulo ya saizi imodzimodzi. Mwana wa fomu yoyamba akanaziona."

Kenaka anati, "Muchotse kanemayo."

"Bambo, anthu afika zikwi zana."

"Ndiye zikwi zana zanamizidwa. Muchotse."

Ndinakana. Ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka, kuti ena anamukopera kale m'mafoni mwawo, kuti palibe amene adzafe chifukwa cha kandulo. Zonsezo zinali zoona, koma chifukwa changa chenicheni sichinali chimenecho, ndipo iwo anadziwa.

"Ukuopa kubwerera ku maukwati ako," anatero.

"Inde, ndikuopa. Zaka zisanu ndi zinayi ndikujambula makeke a eni. Kamodzi kokha ndapanga chinthu chimene anthu achikonda, inu mukuti ndichitaye chifukwa cha munthu wopanda nkhope?"

"Nkhope yake ilibe ntchito. Wanena zoona."

Anatenga chipewa chawo n'kutsika masitepe. Sindinawatsatire.

Masiku otsatira bambo anali yakaliyakali. Amayi anandiuza kuti chakudya ankadya ataimirira. Anatulutsa mabuku awo akale a mayina a ana asukulu n'kuyamba kuwonkhetsa kuti ndi angati anadutsa m'manja mwawo. Anapeza kuti apitirira zikwi zinayi. Ankatuluka m'mawa osanena kumene akupita, n'kubwera nsapato zili fumbi lokhalokha. Kwa ine sankaimba foni. Inenso ntchito sinkayenda. Ndinkatsegula kanema wa ukwati, n'kupezeka ndatsegulanso wa kandulo, ndikuyang'ana nambala ikukwera, mtima ukundiwawa m'malo mokondwa.

Lachinayi amayi anandituma kuti ndiwaperekeze kukatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. "Akapita okha akafika kumalire a dziko," anatero.

Ku famase kunali mzere. Titafika pakauntala, mayi wogulitsa mankhwala anawayang'ana bambo kawiri, nkhope yake n'kuwala.

"Aphunzitsi! Ndinakuonani pa intaneti. Ndinawaonetsa ana anga kuti awa ndi amene anandiphunzitsa."

Bambo anaika chipewa pakauntala. "Unali m'kalasi mwanga? Ndiye tamvera, mwana wanga. Phunziro la kandulo lija, ndinakuuzani zolakwika. Madzi aja sakwera chifukwa cha okosijeni."

"Oo," anatero mayiyo, akumwetulirabe.

"Ukukumbukira mmene ndinafotokozera?"

Mayiyo anayang'ana mzere kumbuyo kwathu, kenaka anaseka mwamanyazi. "Kunena zoona aphunzitsi, chimene ndimakumbukira tsiku limenelo n'choti tayi yanu inagwira moto. Tinaseka temu yonse."

Bambo wina kumbuyo anatsokomola mwadala. Bambo anga anatenga mankhwala awo, nathokoza, tinatuluka. Panja anaima akuyang'ana magalimoto.

"Sindikudziwa chopweteka kwambiri n'chiti," anatero. "Kuti ndinawaphunzitsa zabodza, kapena kuti sanazimve n'komwe."

Ndinaganiza kuti tibwerera kunyumba, koma iwo analunjika kokwerera basi. Ankapita kusukulu yawo yakale. Ndinawatsatira mankhwala ali m'manja.

Mphunzitsi amene analowa m'malo mwawo tinamupeza akutsuka mabotolo mu labotale. Ndi mayi wa msinkhu wanga, wodekha, ndipo anawalandira mwaulemu, n'kuwapatsa mpando umene iwo sanakhalepo. Bambo anafotokoza zonse mothamanga, akujambula tambula pabolodi ndi choko chimene anachipeza m'thumba mwawo. Mphunzitsiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa kope lachikuto chobiriwira. Linali la bambo, limene anamusiyira pochoka.

"Ndimaphunzitsa kuchokera umu, aphunzitsi," anatero. "Phunziro limeneli ndinachita mwezi watha. Ndipo buku limene ana ali nalo likunena chimodzimodzi. Ndikawauza zina lero, n'kudzapeza funsolo pamayeso, adzalemba ziti?"

"Adzalemba zoona."

"Nanga wochonga akadzawachotsera malikisi?"

Belu linalira, ana anayamba kuunjikana pakhomo. Mphunzitsiyo anati aganizirapo, ndipo anatiperekeza mpaka pakhonde. Sanalonjeze kanthu. Bambo anapempha kope lawo lija kuti akalikonze. Iye anati akulifuna mawa, koma awajambulira tsambalo pafoni.

M'basi pobwerera tinakhala mpando umodzi. Ine ndinkaganiza za masekondi awiri aja. Pantchito yanga ndinazolowera kuti chimene sichikukongoletsa chithunzi chichoke, ndipo palibe mkwati anadandaulapo. Apa ndinali nditachotsa yankho lenileni chifukwa linkaoneka ngati litsiro.

"Kanema uja tisamuchotse, bambo," ndinatero. Anatembenuka kuti ayambe, koma ndinapitiriza. "Tikamuchotsa, amene anamuonera sadzadziwa chifukwa. Tipange wina. Muwaonetse makandulo atatu, ine ndibwezeremo timathovu tija. Pa woyamba uja tilembe pamwamba kuti muli cholakwika, aonere wachiwiri."

Anaganiza mpaka basi inadutsa masiteji awiri.

"Ndiye kuti ndiime pamaso pa anthu zikwi zana ndinene kuti ndinalakwitsa."

"Mwangonena kumene pa famase."

"Uja anali munthu mmodzi, ndipo samamvetsera."

Tinajambula Lolemba. Amayi anabwera nawo, akuti akufuna aone kumene matambula awo akuthera. Anakhala pampando wa pakona, chikwama chili pamiyendo. Ndinazimitsa fani kuti isalowe m'mawu, ndipo chipinda chinatentha msanga.

Zoyesa zenizenizo zinayenda bwino. Kandulo imodzi, chizindikiro. Makandulo atatu, madzi pamwamba. Vuto linali mawu oyamba. Ulendo woyamba bambo anati, "Asayansi ena masiku ano akuganiza kuti..." Ndinaimitsa kamera.

"Asayansi ati, bambo?"

Ulendo wachiwiri anati, "Pali kafotokozedwe kena kamene tingaonjezere." Wachitatu anati, "Mabuku ambiri akhala akusocheretsa aphunzitsi." Wachinayi anayamba ndi mbiri ya makandulo, n'kutha mphindi zisanu asanafike pa nkhani. Ankatuluka thukuta, akumasula tayi n'kuimanganso, akuzungulira tebulo, akudandaula kuti nyale zikuwathobwa m'maso. Makandulo ankafupika. Titafika ulendo wachikhumi ndi chiwiri ndinayamba kuopa kuti batire la kamera litha.

Amayi anatsegula chikwama, anatulutsa kampango n'kuwapatsa.

"Abambo," anatero, "mawu ake ndi amodzi. Ine ndawadikira zaka makumi anayi, pa nkhani zazikulu kuposa kandulo. Ngati mukuwasungira anthu a pa intaneti, chabwino, koma anenedwe ndili pompano ndimve nawo."

Bambo anawayang'ana amayi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri anaseka, kuseka kwa m'mphuno. Anapukuta nkhope, anaima kumbuyo kwa tebulo, n'kundikodola kuti ndiyatse kamera.

"Ndinalakwitsa," anatero, akuyang'ana kamera. "M'kanema wa kandulo uja ndinakuuzani zolakwika, ndipo ndakhala ndikuuza ana zomwezo zaka makumi atatu ndi zitatu. Munthu wina amene sindikumudziwa anandiuza kuti ndiyese ndi makandulo atatu. Ndinayesa. Tiyeni muone zimene ndinaona."

Anapitiriza osaphonya mpaka kumapeto. Pomaliza ananena zimene sitinapangane. Anati ngati mtsikana amene anafunsa za timathovu uja akuonera, adziwe kuti tambula sinapendekeke, funso lake linali labwino, ndipo iye ndi amene anaona bwino tsiku limenelo. Amayi anayang'ana kuzenera. Ine sindinadule kalikonse pamenepo.

Kanema wachiwiriyu sanayende ngati woyamba. Patatha mwezi, oonera anali zikwi zisanu ndi chimodzi, pamene woyamba uja ankakwerabe ngakhale tinalembapo chenjezo. Ena analemba zonyoza, kuti mphunzitsi wanji wosadziwa phunziro lake. Ena anatumiza zithunzi za makandulo awo, anayi, asanu, wina mpaka tambula inang'aluka. Mtsikana wa timathovu uja sanalembe, kapena sanaone. Mphunzitsi wa kusukulu kuja anatumiza uthenga waufupi woti anaonetsa ana makanema onse awiri, n'kuwasiya akangane okha. Sananene kuti pamayeso awauza alembe ziti.

Wongodutsa analemba kamodzi kokha. Anati: "Mwachita bwino aphunzitsi. Komabe musamutaye yense okosijeni. Ali ndi kagawo kake kakang'ono pa kukwera kwa madziwo. Funso ndi lakuti kakang'ono bwanji."

Ndinaganiza kuti bambo akhumudwa. M'malo mwake anafika kukachipinda kanga m'mawa mwake ndi pepala lodzaza manambala, akufunsa ngati kamera yanga ingajambule pafupi kwambiri moti timizere ta rula tioneke. Ndinawauza kuti sabata imeneyo ndili ndi maukwati awiri oti ndimalize, eni ake akundiimbira kawiri pa tsiku.

"Ndiye undiphunzitse ndizidula ndekha," anatero.

"Inu, bambo? Foni yomwe mumachita kuwapempha amayi kuti akutsegulireni."

"Sindikufuna wina azindisankhira zoti ndione. Ngakhale iweyo."

Ndinawakokera mpando pa kompyuta yakale imene ndinkasungira pakona. Ndinawaonetsa mzere umene kanema amagonapo, pogwira, podula, pobwezera ukalakwitsa. Bambo ndi mwana wasukulu wovuta. Samadikira kuti umalize kufotokoza, amafunsa chifukwa cha chilichonse, ndipo akalakwitsa amati kompyuta ndi imene yasuntha. Tsiku loyamba anafufuta mawu onse a kanema wa maginito, n'kukhala theka la ola akuonera milomo yawo ikuyenda popanda phokoso, osafuna kundiuza.

Tsopano amabwera katatu pa sabata. Ine ndimakhala mbali ino ndi akwati anga, iwo mbali iyo ndi kope lawo latsopano, mmene alemba maphunziro onse amene ankachita mu labotale muja, kuti awayesenso limodzilimodzi kamera ikuona. Afika pa phunziro lachisanu ndi chinayi, ndipo awiri akuwakayikira kale. Dzulo ndikulumikiza nyimbo ya ukwati, ndinawamva akukoka mpando kubwera kumbuyo kwanga. Anaonera kanthawi, akupumira paphewa panga.

"Bwerera m'mbuyo pang'ono," anatero. "Apo wadulapo chiyani?"

"Mwana anagwetsa mbale, bambo. Mkwatibwi anatembenuka."

"Tandionetsa."

Ndinawaonetsa. Anaonera kawiri, nati nkhope ya mkwatibwiyo potembenuka ndi yokhayo m'kanema yense imene sakuyesera kukongola. Ndinawauza kuti abwerere ku makandulo awo, ntchito yanga ndimaidziwa. Anabwerera akung'ung'udza. Nditatsala ndekha ndinayang'ananso nkhope ija, ndipo mpaka pano sindinasankhe ngati ndiibwezeremo kapena ayi. Eni ukwati akufuna kanema wawo Lachisanu.